Mlimi akatsikira ku Tete: kusamala moyo ndi kupeza chipatala

Awa ndi mawu amene mmodzi wa mamembala athu, mlimi wa ku Lifidzi, analankhula pa msonkhano wa kalabu ya omvera. Tawalemba monga anawalankhulira kuti amene sanabwere nawonso amve.

Mwandipatsa mutu wakuti ndilankhule za ulendo wa ku mzinda, mmene munthu wakumudzi angadzisamalire akafika kumeneko, ndiponso kumene angathamangire matenda akamugwira ali pachilendo. Ine si dokotala, si enfermeiro ayi. Ndine mlimi monga inu, sukulu ndinalekezera ku pulayimale. Chimene ndili nacho ndi maulendo basi. Chaka ndi chaka ndimatsika ku Tete ndi mbatata ya kachewere ndi nyemba, ndipo kawiri ndapitako monga woperekeza wodwala. Zimene ndinene ndi zimene ndinaona, ndi zimene ndinafunsa kwa anthu a chipatala.

Ambiri a msinkhu wanga tinabadwira kapena kukulira ku Malawi nthawi ya nkhondo, makolo atathawira ku Dedza ndi ku Ntcheu, ndipo tinabwerera mtendere utasainidwa mu 1992. N'chifukwa chake ku Dedza timakudziwa ngati kuseri kwa nyumba yathu, chilankhulo n'chimodzi, nyengo ndi imodzi. Koma ku Tete, kumene kuli likulu la chigawo chathu chomwe, kwa ambiri a ife n'kwachilendo. Kumeneko amalankhula Chinyungwe ndi Chipwitikizi. Kumeneko n'kumene kalata ya chipatala imatitumiza matenda akakula. Ndiye tisamangoopako, tikudziwe.

Ndiyambe ndi mdani amene sitimuganizira, dzuwa. Kuno tili pamwamba, mamita oposa 1,000, ndipo mu Juni timagona ndi mabulangete awiri. Tete ali pansi m'chigwa cha Zambezi, osafika ndi mamita 200 omwe, ndipo mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40. Inu nonse mukudziwa chimene chimachitikira thumba la mbatata likakhala padzuwa la kumeneko masiku atatu. Limayamba kutuluka madzi ndi kununkha. Thupi la munthu wa ku Angónia nalonso silinazolowere. Mumanyamuka kuno m'bandakucha mutavala juzi ndi jekete, mukamafika ku Moatize thukuta lili kamukamu, koma jekete simuvula chifukwa ndalama zili m'thumba lamkati. Mwatsitsa matumba masana dzuwa lili paliwombo, madzi simunamwe chifukwa ndi ogula, ndiye mnzanu akuti tiyeni tikaziziritse kukhosi ndi mowa. Apa m'pamene munthu amagwa.

Zizindikiro zake n'zosavuta. Mutu ukuwawa, chizungulire, mkodzo wochepa ndi wofiirira ngati tiyi, miyendo kukokana. Mukaona zimenezi khalani pamthunzi, imwani madzi pang'onopang'ono koma kawirikawiri. Ndipo mukaona mnzanu thupi latentha ngati mbaula, akulankhula zosamveka kapena wakomoka, musayambe zoti amulodza anthu a pamsika. Mugonekeni pamthunzi, mumasuleni zovala, muthireni madzi thupi lonse, mukupizeni ndi katoni, wina athamange kukafuna txopela yopita kuchipatala. Wokomoka sitimumwetsa madzi, angatsamwe. Ine ntchito yolemetsa ndimaigwira m'mawa kwambiri ndi madzulo, ndipo chigubu cha malita asanu sichichoka pambali panga.

Za panjira ndinene mwachidule chifukwa ambiri mukuidziwa. Kuchoka ku Ulongwe kukafika ku Tete ndi makilomita oposa 200. Mumatsika mpaka pa Mussacama pamene msewu wathu umakumana ndi msewu waukulu wochokera ku Zobwe, kenaka Moatize, kuwoloka Revubwe, Matundo, ndiye mlatho wa Samora Machel kulowa m'kati mwa mzinda. Msewu waukuluwo ndi wa magalimoto akuluakulu opita ku Malawi, usana ndi usiku. Kukhala pamwamba pa matumba m'lole n'kotchipa, ndikudziwa, koma lole ikagwa woyamba kuponyedwa ndi iwe, matumba n'kukugwera pamwamba. Ngati n'kotheka katundu akwere lole, mmodzi akhale kutsogolo ndi dalaivala, enanu kwerani chapa. Dalaivala akamanunkha mowa, tsikani, ndalama ya tikiti si mtengo wa moyo.

Pali malo awiri pamsewu umenewu amene ndikadutsa ndimakhala chete. Oyamba ndi Caphiridzange. Pa 17 Novembala 2016 galimoto ya mafuta inaphulika pamenepo anthu atazungulira ndi zigubu kuti atunge petulo, ndipo anafa anthu oposa 70, ena ambiri anapsa koopsa. Mukaona galimoto ya mafuta yaima kapena yagwa, anthu akuthamangirako, inu thamangirani kwina. Achiwiri ndi mtsinje wa Revubwe, womwewu umene umayambira kuno kwathu. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anagumula mlatho wa pakati pa Moatize ndi Tete, ndipo madzi anakokolola galimoto imene munali mkulu wa boma la Tete, a José Maria Mandere, iwo n'kumwalira. Ngati madzi sanaope galimoto ya boma, sangaope chapa. Nthawi ya dzinja mverani wailesi musananyamuke, ndipo dalaivala akafuna kuyesa madzi osefukira, muuzeni ayese yekha.

Tsopano ndalama. Kale makolo athu ankasokerera ndalama m'lamba kapena kumanga pansonga ya chitenje. Lero tili ndi M-Pesa ndi e-Mola, ndipo ine ndimati mukagulitsa, ikani ndalama m'foni masana omwewo, kwa ajenti wa pamalo oonekera, n'kutsala ndi zochepa za chakudya ndi ulendo. Akakuberani foni, ndalama sizipita ngati nambala yachinsinsi ili m'mutu mwanu. Koma foni yabweretsanso akuba ake. Wogula amakuonetsani uthenga pafoni yake kuti taonani ndatumiza. Mwinanso uthenga umalowa ndithu pafoni yanu, koma wolemba ndi iye mwini. Musapereke thumba ngakhale limodzi musanayang'ane nokha ndalama zimene zili mu akaunti yanu. Ngati kuwerenga kumakuvutani, pitani ndi mwana wanu kapena mnzanu wa kuno, osati munthu amene mwamudziwira pomwepo. Nambala yachinsinsi sauza ajenti, sauza woimba foni amene akuti ndi wa ku kampani. Ndipo uthenga uja wakuti ndalama ija tumizani pa nambala iyi, umene umabwera ngati wochokera kwa m'bale, ingoufufutani.

Akuba a mumzinda sabwera ndi nkhope yoopsa. Amabwera ndi ulemu, ena amalankhula Chichewa chabwino kuposa ine. Wina amati, kodi si inu a ku Domwe, amalume anu ndimawadziwa. Wina amagwetsa mpukutu wa ndalama patsogolo panu, mnzake n'kutola, n'kukunong'onezani kuti tiyeni kuseri tikagawane. Kuseriko n'kumene mukasiye zanu. Wina amafuna kukunyamulirani thumba, mukatembenuka walowa nalo m'chigulu cha anthu. Njira yake ndi imodzi, musayende nokha. Tikakhala atatu, mmodzi amatsala pa katundu nthawi zonse, ngakhale enawo apite kuchimbudzi kokha. Usiku pamsika timagona mosinthana. Mtengo wa wonyamula katundu, wa txopela kapena wa njinga yamoto mugwirizane musanakwere. Ndipo wa njinga yamoto amene alibe chipewa choteteza mutu cha wokwera, ine ndimamudutsa, chifukwa amene ndinawaona atagona ndi mabandeji kumutu m'chipatala muja ambiri anali a njinga zimenezi.

Chitupa chanu, BI, chizikhala pathupi, osati m'chikwama chimene chili pamwamba pa galimoto. Apolisi akakufunsani, onetsani mwaulemu. Chikatayika pitani ku esquadra mukanene, akupatseni pepala. Kapepala ka msonkho wa pamsika musataye mpaka mutachoka. Ndalama iliyonse imene mwauzidwa kuti ndi chindapusa, pemphani lisiti. China, mukamva anthu akukuwa kuti mbava, mbava, kapena mwaona chigulu chatseka msewu ndi matayala oyaka monga zinkachitikira pambuyo pa chisankho cha Okutobala 2024, musapite kukaonerera. Mlendo alibe womuikira umboni. Pa chipwirikiti nkhope yosadziwika ndi imene imalozedwa chala.

Ndifike pa nkhani yaikulu, ya chipatala. Apa ndichedwapo pang'ono, mundipirire.

Zipatala za boma zili ngati makwerero. Pansi pali centro de saúde, monga yathu ya pa Lifidzi. Pamwamba pake pali chipatala cha ku Ulongwe. Pamwamba pa chimenecho pali Hospital Provincial de Tete, ndipo matenda akakanika kumeneko amatumiza ku Hospital Central da Beira. Chimene chimakukwezani pa makwerero amenewa ndi pepala lotchedwa guia de transferência. Pepala limeneli limanena kuti wodwala ndi ndani, anamupeza ndi chiyani, anamupatsa mankhwala anji. Ena amaganiza kuti ndikagulitsa soya ndingopita ndekha kwa madokotala akuluakulu ku Tete, za kuno n'zotaya nthawi. Mukafika opanda guia, matenda anu osakhala adzidzidzi, kawirikawiri adzakuuzani kuti mukayambire ku centro. Mwataya tsiku, mwataya ndalama ya galimoto, ndipo si nkhanza ayi, ndi dongosolo lake. Yambirani kuno. Akakupatsani guia, ikulungeni m'pulasitiki, ndipo wachinyamata aijambule pafoni kuti ikanyowa kapena kutayika pakhale poyambira.

Nanga matenda akakupezani muli kale mumzinda? Ngati ndi malungo, kutsegula m'mimba kosaopsa, chilonda, chifuwa, funsani centro de saúde yapafupi. Mu mzinda wa Tete zipatala zing'onozing'ono zina amazitchula ndi manambala, número 1, número 2, choncho, ndipo wa txopela aliyense amazidziwa. Pitani m'mawa kwambiri chifukwa mzere umatalika dzuwa likakwera. Simufunika kukhala wa m'bairro imeneyo kuti akuoneni. Ndinu mwana wa dziko lino.

Koma pali zinthu zosadikira m'mawa. Ngozi ya pamsewu, magazi osaleka, kupsa ndi moto, kulumidwa ndi njoka, munthu wokomoka kapena wobanika, mwana amene akugwidwa ndi njirinjiri kapena wakana kuyamwa, mayi wapakati amene akutaya magazi kapena mutu ukumuwawa koopsa maso akuchita mdima. Zimenezi pitani molunjika ku chipatala chachikulu, mufunse malo otchedwa Banco de Socorros. Dzina limeneli mulisunge pamtima, amayi ndi abambo. Si banki ya ndalama, ndi khomo la matenda adzidzidzi, ndipo limakhala lotsegula usana ndi usiku, Loweruka ndi Lamulungu lomwe. Pamenepo safunsa guia kwa munthu amene ali pakati pa moyo ndi imfa. Ndiponso pamenepo sayendera kuti anayamba kufika ndani. Amayamba ndi amene ali moipa kwambiri. Mukaona wina wobwera pambuyo walowa inu mukadali pabenchi, musafulumire kukwiya. Koma wodwala wanu akasintha muli pamzere, musakhale chete chifukwa cha ulemu wathu wa kumudzi uja. Imirirani mukauze enfermeiro kuti taonani, akuipiraipira.

Ulemu umenewu ndiunenepo. Ife anthu a kuno tikafika pamaso pa munthu wovala zoyera timagwetsa nkhope, chilichonse timangoti inde. Atifunsa m'Chipwitikizi, sitinamve, tikuti sim. Atiuza kamwedwe ka mankhwala, sitinamve, tikuti sim. Tikatuluka panja m'pamene timafunsa mlonda kuti kodi pamenepa alemba chiyani. Safunsa anadya phula. Palibe manyazi kunena kuti não falo português, ndiye kuti sindilankhula Chipwitikizi. M'chipatala simulephera kupezeka munthu womva Chichewa, ndipo Chinyungwe sichili kutali ndi chathu mukatchera khutu. Iwo akati muli tani, ndi moni. Mukati tatenda, mwathokoza. Mawu ena ochepa okuthandizani ndi awa: febre ndi kutentha thupi, dor ndi kuwawa, diarreia ndi kutsegula m'mimba, grávida ndi wapakati, receita ndi pepala la mankhwala, análises ndi zoyeza magazi kapena mkodzo, alta ndiye kuti akutulutsani. Musanachoke pamaso pa dokotala mufunse zinthu zitatu. Matenda anga dzina lake n'chiyani? Mankhwalawa ndimwe bwanji, masiku angati? Ndibwerenso liti, kuno kapena kwathu? Tsikulo alilembe papepala.

Pamene ndinaperekeza mayi anga aang'ono, amene anatumizidwa ndi guia chifukwa cha chotupa, ndinaphunzira kuti ulendo wa chipatala si wa tsiku limodzi. Tsiku loyamba anawaona. Lachiwiri anatenga magazi. Zotsatira zinatuluka tsiku lina, ndipo dokotala wa matenda amenewo anali ndi masiku ake oonera anthu. Tinatha sabata ndi masiku. Tikanakhala opanda wachibale ku Matundo, sindikudziwa tikanagona kuti. Choncho musananyamuke dziwani kumene mukagone, tengani ufa ndi nyemba za kuno, chitenje, ndowa yaing'ono, sopo, mbale, kapu ndi neti. Woperekeza akhale munthu wamphamvu, wosaopa kufunsa, osati kungosankha amene alibe ntchito kumunda. Ndalama yobwerera muipatule pa tsiku loyamba, musaikhudze. Ngati wodwala akufunika opaleshoni, achibale angapemphedwe kupereka magazi. Zimenezi n'zabwinobwino, thupi limabwezeretsa, ndipo magazi sagulitsidwa. Wina akakuuzani kuti ndipatseni ndalama ndikupezereni magazi, ameneyo ndi wakuba.

Akuba a mtundu umenewu amakonda pazipata. Pachipata cha chipatala china ndinaona bambo wina wachikulire, wolankhula ngati wa kuno kwathu, atagwira mutu. Mnyamata wovala bwino anamuuza kuti ndimagwira ntchito m'katimu, ndipatseni mapepala ndi kangachepe ndikudutsitseni pamzere. Anapita ndi ndalama, anapita ndi guia yomwe. Ndalama zinali zochepa, koma pepala lija linali ulendo wonse. Mapepala anu musapatse munthu wa panja. Ndalama ya chipatala cha boma ndi yochepa, imalipiridwa pawindo, ndipo amakupatsani kapepala. Mankhwala a TB ndi ma ARV ndi aulere. Wina aliyense akakupemphani ya fanta kuti akuthandizeni msanga, dziwani kuti si lamulo. M'zipatala zikuluzikulu muli ofesi yotchedwa Gabinete do Utente, yolandira madandaulo a odwala. Ilipo chifukwa cha inu ndi ine.

Nthawi zina mankhwala amene alembedwa amakhala atatha, ndiye amakuuzani kuti mukagule. Pitani ndi receita yanu ku farmácia yeniyeni, ya chilolezo. Musagule makapisozi a pamphasa amene akhala padzuwa lija ndanena, osadziwika kumene achokera ndi tsiku limene anatha mphamvu. Wogulitsa pamphasa sakuyezani. Mutu ukawawa amakupatsani zofiira ndi zachikasu, malungo ali m'kati akukula.

Tsopano ndilankhule ndi abale athu amene ali pa mankhwala a tsiku ndi tsiku, a ma ARV, a TB, a BP, a shuga, a khunyu. Sinditchula munthu, ndipo pasakhale woyang'ana mnzake. Mnansi wathu wina anatsika ndi kabichi akuti ndikatha masiku atatu, natenga mapiritsi a masiku atatu. Msika unavuta, wogula anazengereza kulipira, masiku atatu anasanduka masabata awiri. Mankhwala anatha. Khadi anasiya kunyumba poopa kuti anzake a paulendo angaione. Kupita ku chipatala cha kumeneko anachita manyazi. Anabwera atafooka, ndipo chaka chimenecho munda wake unalimidwa ndi ana. Lero ali bwino, ndipo ndi iye amene anandiuza kuti ukanene zimenezi ku kalabu. Tengani mankhwala opitirira masiku amene mukuganiza, kawiri kake. Tengani khadi yanu, chifukwa pamenepo pali nambala yanu imene amaitcha NID, ndi dzina la mankhwala amene mumamwa. Ndi khadi imeneyo centro ya kumene muli ikhoza kukuthandizani. Amene muli m'magulu a GAAC, aja otengerana mankhwala mosinthana, uzani anzanu musananyamuke kuti akutengereni anu msanga. Paja magulu amenewa anayambira m'chigawo chathu chino cha Tete mu 2008, ndi a Médicos Sem Fronteiras pamodzi ndi a zaumoyo, kenaka n'kufalikira dziko lonse. Ndi nzeru ya kwathu, tiigwiritse ntchito. Chimodzimodzi amayi, khadi ya sikelo ya mwana ndi kabuku ka mimba ziziyenda nanu ngakhale mukungopita kukaona abale.

Za kudya ndi kumwa. Kolera ku Tete si nkhani yachilendo. Inavuta kwambiri kumayambiriro kwa 2015, inabweranso mu 2023. Imayenda m'madzi ndi m'manja. Madzi a m'mapulasitiki ozizira aja amakoma pa dzuwa, koma simudziwa anatungidwa kuti. Kabotolo ka Certeza n'kotchipa ndipo sikalemera, kachivindikiro kamodzi pa malita 20, n'kudikira theka la ola. Idyani nsima yotentha imene mwaiona ikuchoka pamoto, osati ndiwo zimene zakhala pambale kuyambira m'mawa ntchentche zikuchitapo msonkhano. Sambani m'manja ndi sopo, madzi othira, osati m'beseni limodzi anthu khumi. Mukayamba kutsegula m'mimba ngati madzi otsukira mpunga, musadikire kuti ndikaonere kwathu. Kolera imatha kupha munthu wamkulu tsiku limodzi, ndipo pa chapa mudzapatsira anthu onse. Yambani kumwa madzi a mchere ndi shuga pomwepo, paketi ya kuchipatala mu lita imodzi ya madzi abwino. Ngati paketi palibe, lita imodzi, timasupuni tating'ono 6 ta shuga ndi theka la kasupuni ka mchere. Muzimwa muli panjira yopita kuchipatala.

Abambo, za mowa wa pachilendo. Mukukumbukira za ku Chitima mu Januwale 2015, pamene anthu 75 anafa atamwa pombe pa maliro. Mphekesera inali yakuti wina anathiramo ndulu ya ng'ona. Akatswiri atayeza anapeza kuti poizoni anachokera ku tizilombo timene tinamera mu ufa wa chimanga umene unanyowa n'kuwonongeka, ndipo poizoni ameneyo satha ndi kuphika. Phunziro lake likutikhudza ngakhale kuno kumene timafulula tokha. Koma mumzinda muonjezepo ichi, kuti munthu woledzera amene ali ndi ndalama za mbatata m'thumba amadziwika ndi msika wonse. Ndipo zimene zimatsatira mowa mukuzidziwa. Ndalama ya feteleza imathera m'chipinda cha lendi, n'kubwera kunyumba ndi mphatso imene mayi sanaitume. Amene walephera kudzigwira, makondomu a Jeito ali m'magolosale, ndipo ku centro amapereka aulere.

Pamenepa ndinenenso chinthu chovuta kuchitchula pagulu. Mtsikana kapena mayi akagwiriridwa, kaya mumzinda kaya panjira, apite kuchipatala msanga, asanathe masiku atatu, maola 72. M'kati mwa nthawi imeneyo alipo mankhwala oteteza ku kachilombo ka HIV, ndiponso oteteza mimba. Za kupolisi ndi za kubanja zibwere, koma chipatala chisachedwe. Ndipo inu makolo amene mumapereka ana kwa munthu wakuti ndikamupezera ntchito ya m'nyumba ku Tete, dziwani nyumba yake, dziwani bairro yake, mwanayo aloweze nambala ya foni ya kwawo pamtima. Pali nambala yaulere ya nkhani za ana, 116, Linha Fala Criança. Mwana aliyense wopita kutali aidziwe.

Zambezi mukamuona pamlatho amaoneka wofatsa, ndipo ndi kutentha kuja mtima umafuna kukasamba. Muli ng'ona, muli mvuu, ndipo madzi ake amakoka pansi. Ife tinazolowera timitsinje tofika m'mawondo. Sambirani pa mpopi. Galu wosadziwika akakulumani, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, n'kupita kuchipatala tsiku lomwelo chifukwa cha chiwewe. Chiwewe chikayamba kuonekera sichichizika.

Chotsiriza ndi malungo, chifukwa amenewa amakutsatirani mpaka kunyumba. Kuno miyezi yozizira udzudzu umachepa, ndiye timaiwala neti. Kumeneko timagona panja pa matumba chifukwa m'nyumba simugoneka, udzudzu n'kumatidya usiku wonse. Neti imakoleka paliponse, pa lole, pa mtengo, pa khonde la sitolo. Malungo saonekera tsiku limene walumidwa. Amatenga sabata kapena masabata awiri. Ndiye munthu wabwera bwinobwino, wagawa sopo ndi nsomba za chikowa kwa abale, patapita masiku khumi thupi latentha, anthu n'kuyamba kuti anamuchita kumsika chifukwa anagulitsa kwambiri. Pitani pa Lifidzi pompa akakubayeni chala, ndipo muwauze kuti ndinali ku Tete masiku apitawa. Akakupatsani Coartem mumalize masiku atatu onse, m'mawa ndi madzulo, ngakhale mutamva bwino tsiku lachiwiri. Otsala osasungira mwana.

Amene mwatuluka m'chipatala cha ku Tete, pepala limene akupatsani potuluka mukalionetse ku centro yathu mukafika, kuti a kuno adziwe zimene anzawo anachita ndi zimene zatsala.

A pampando, ndili ndi pempho limodzi kwa kalabu. Pakati pathu pano alipo amene ali ndi ana kapena abale ku Matundo, ku Chingodzi, ku Moatize ndi m'mabairro ena. Ndikupempha kuti amene abale awo angavomere, apereke maina ndi manambala kwa alembi athu, zikhale m'kope la kalabu, osati zoulutsa pa wailesi ayi. Wina akapatsidwa guia mwadzidzidzi usiku, tidziwe woimbira kuti akamuchingamire pa siteji ndi kumulozera khomo. Ine ndayamba, nambala ya msuweni wanga wa ku Matundo ndapereka kale, ndipo iye wavomera. Lole ya mbatata ya gulu lathu inyamuka Lachinayi m'bandakucha. Amene mukupita nawo tionane tikatha pano, tigawane za amene atenge Certeza ndi amene atenge maneti.

Ngati pali mafunso ndiyankha amene ndingathe.